Uthenga wa Maliro Umene Sunkafika ku Chigafa

Chaka changa choyamba pantchito, ku Nathenje

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba, chifukwa munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazikometsa kuposa ine. Ndiyambira pa tsiku limene basi inanditsitsa pa Nathenje, ndili mtsikana wongochoka kumene ku maphunziro a ulangizi wa chitukuko, sutikesi ili pamutu, mtima uli m'mwamba. Ofesi yathu inali kachipinda kuseri kwa sitolo, ndipo bwana wanga woyamba anali a Chimkwita, bambo wamtali waimvi amene ankayenda ndi chipewa cha njinga yamoto kulikonse, ngakhale njingayo inali itatha miyezi ilibe mafuta. Nditawafunsa chifukwa chake anati, "Mwanawe, anthu akaona chipewa amadziwa kuti boma lilipo. Mafuta abwera okha." Mafutawo sanabwere. Malipiro anga oyamba ndinagulira njinga yakapalasa, ndipo midzi yonse ya kumeneko ndinaidziwa ndi miyendo yanga.

A Chimkwita ndi amene anandiphunzitsa njira imene chosowa cha anthu chimadutsa kuti chikalowe mu bajeti ya khonsolo. Anthu amakhala pansi m'mudzi mwawo, amfumu ali pomwepo, n'kugwirizana chimene chikuwapweteka kwambiri, kaya ndi mjigo, kaya mlatho, kaya chipinda cha sukulu. Nkhaniyo imakwera ku komiti ya dera, kumene imakalimbana ndi za midzi ina. Imene yapulumuka imapita ku khonsolo ku Lilongwe, ndipo kumeneko ina imakadzuka, ina imakagona mpaka kale. Ntchito yathu inali yothandiza anthu kulankhula momveka pa makwerero onsewa. Ine ndinabadwa ndi matenda ofunsa, ndipo sindinachire mpaka lero. Tsiku lina tikukankha njinga yanga yophwa, ndinafunsa kuti, "Nanga bwana, munthu amene alibe mudzi, chosowa chake chimalowera pati?" Iwo anaseka mpaka anaima pamsewu. "M'Malawi muno mulibe munthu wopanda mudzi," anatero. "Ngakhale chidakwa chogona m'ngalande chili ndi mfumu yake." Ndinawakhulupirira, chifukwa anali munthu wodziwa ntchito, ndipo ku Nathenje sindinaone chowatsutsa.

Patapita zaka, ku Mitundu

Pamene ankandisamutsira ku Mitundu ndinali nditakwatiwa, ndipo nonse awiri munali mutabadwa. Bambo anu ankaphunzitsa ku Malingunde n'kumabwera Loweruka lokha. Ife tinkakhala m'nyumba ya boma pafupi ndi msika, nyumba ya malata imene ndinkainyadira kwambiri ngakhale chitseko chake chinkafuna phewa kuti chitseguke.

Kuseri kwa msika, pamalo a khonsolo, kunali chigafa chakale, shedi yaitali yaudzu imene kale ankayanikamo fodya. Ndinkachidutsa tsiku ndi tsiku ndikuganiza kuti mumakhala mbuzi. M'mawa wina ndikupita kukagula tomato ndinaona utsi, kenako malaya a sukulu atayanikidwa pachingwe, kenako mayi akusesa pakhomo mosamala ngati akuyembekezera alendo. Tomato ndinamuiwala. Ndinakhota n'kunena kuti odi.

Mayiyo dzina lake linali Elube. Anandiyalira thumba la feteleza kuti ndikhalepo, ndipo nditasuzumira m'kati ndinaona kuti chigafa chonse anachigawa zipinda ndi masaka ndi makatoni, banja lililonse chipinda chake. Ndinafunsa kuti iwo ndi a m'mudzi uti.

"Ife amayi, ndife a pompano," anayankha.

"Pompano ndi pamsika. Ndikufunsa mfumu yanu."

Anaseka pang'ono. "Mfumu yathu inali akapitawo a ku esiteti. Esiteti itasiya fodya, anatiuza kuti tichoke m'nyumba zawo. Basi, ufumu unathera pomwepo."

Anali matenanti, anthu obwera kuchokera m'maboma ena kudzalima fodya m'minda ya eni. Elube ndi amuna ake a Jakisoni anachokera cha ku Phalombe. Nditafunsa chifukwa chimene sanabwerere kwawo, anandilozera mtsikana wamtali amene ankatsuka mbale. "Kwathu ndinachoka ndili ndi mimba ya uyu. Munda wa amayi anga anagawana azichemwali anga kalekale. Tikapita tikakhala alendo ngati kuno, koma kuno bola ganyu imapezeka." Ndinabwerera kunyumba chimanjamanja, ndikulakalaka a Chimkwita akanakhala moyo kuti ndiwagwire dzanja n'kudzawaonetsa. Chimene chinandisowetsa mtendere sichinali umphawi wawo, chifukwa umphawi ndinali nditauona wambiri. Chinali chakuti anthu amenewa ankakhala poonekera, pakati pa msika ndi mudzi, koma m'misonkhano yonse imene ndinkachititsa palibe ndi mmodzi yemwe anawatchulapo.

Chaka cha msika watsopano

Chaka chimenecho khonsolo inaika mu bajeti yake ntchito yomanga mashedi atsopano a msika wa Mitundu. Ndinene zoona, mashediwo ankafunika. Amayi ogulitsa masamba ankakhala m'matope nyengo yonse yamvula, ndipo pempho lawo ndinalithandiza ndekha kukwera makwerero onse aja. Vuto linali malo. Mashedi ankayenera kumangidwa pamene panali chigafa, ndipo chinkayenera kugwetsedwa mvula isanayambe. Kwa anthu a m'chigafa bajeti inali ndi chinthu chimodzi chokha: lole yowabweza kwawo. Elube atamva anandifunsa kuti, "Loleyo ikakatitsitsa pamsewu wa kwathu, mvula ikakatipeza pamenepo, tikalowa m'nyumba ya ndani?"

Ndinaganiza kuti njira ndi imodzi. Anthuwa akanakhala a mudzi winawake, nkhani yawo ikanakhala ndi pokwerera. Mudzi woyandikana ndi msika unali ndi mfumu yaikazi, mayi wonenepa wokonda kuseka, amene ankagulitsa zitumbuwa pakhonde lake. Ndinawapeza akukazinga.

"Alangizi, mwabwera ndi mafunso anu aja? Inu mumafunsa ngati apolisi. Khalani pansi, idyani kaye chitumbuwa."

"Amfumu, anthu a m'chigafa aja ndi a ndani?"

"Aja? Sitikuwadziwa."

"Koma mumawalemba ganyu m'minda mwanu. Ana awo amaphunzira ndi adzukulu anu."

"Ganyu ndi ganyu, alangizi. Ngakhale ng'ombe yobwereka imalima. Wathu ife timamudziwira pamaliro. Kuno taika anthu ambirimbiri chibwerereni iwo, koma palibe ndi mmodzi yemwe wa ku chigafa anabwerapo ndi chikuni, kapena kudzangokhala pansi n'kupepesa. Munthu wosalira nafe tingamutche bwanji wathu?"

Zimenezi zinandidabwitsa, chifukwa Elube amene ndinkamudziwa sanali munthu wouma mtima. Safunsa anadya phula, choncho ndinabwerera ku chigafa tsiku lomwelo. Ndinamupeza akusankha nyemba, ndipo nditamuuza zimene amfumu ananena, anasiya lichero n'kugwira pakamwa.

"Amatero? Amayi, maliro timawamva. Kulira kumafika mpaka kuno, ndipo ife timangoyang'anizana. Anduna a amfumu akamalengeza amadutsa pompa pa njinga. Amaima pachigayo, amaima pabutchala, koma pa ife amangoliza belu kuti ana achoke mumsewu. Ku esiteti akapitawo sankatilola kupita kumaliro a m'midzi, ankati fodya sadikira. Tinazolowera kuti za eni dera ndi za eni dera. Komanso inu mukudziwa, osauka ngati ife tikangofika pamaliro tisanauzidwe, amati tatsatira chakudya. Ena anganene zoipa kuposa apo, kuti tikudziwapo kanthu pa imfayo."

Ana anga, m'zaka zonse za ntchito yanga sindinamvepo chinthu chodabwitsa ngati chimenechi. Mbali iyi inkadikira kuti anthu abwere, mbali inayo inkadikira kuti iuzidwe, ndipo pakati pawo panali mtunda woti munthu n'kuitana mnzake ndi pakamwa. Ndinathamangira kwa amfumu ndili wosangalala ngati mwana amene watola ndalama, ndikuganiza kuti nkhani yatha. Koma nditafotokoza, amfumu anasiya kuseka, ndipo aka kanali koyamba kuwaona nkhope ili phee.

"Alangizi, uthenga wa maliro si mawu chabe. Ndikatuma nduna kumeneko, ndiye kuti ndavomera kuti ndi anthu anga. Mawa afuna malo omangapo, mkuja afuna manda. Malo ndiwatenga kuti? Dambo latsala lija ana a azichemwali anga aliika kale m'maso. Sandimwetsa madzi amenewo."

Ndinaona kuti sankanama. Ndinachoka wopanda lonjezo lililonse, chitumbuwa chili m'manja.

M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, malume awo a amfumu anamwalira. Tsikulo ndinali pamsika, ndipo ndinaona ndi maso angawa nduna ikubwera pa njinga. Inaima pachigayo, inaima pabutchala, kenako inakhotera ku chigafa, n'kutsika, n'kuvula chipewa. Mpaka lero sindidziwa ngati amfumu anachita izi chifukwa cha chifundo kapena chifukwa cha nthaka. Chaka chimenecho pansi panali pouma gwa, ndipo anyamata ambiri a m'mudzimo anali atapita ku tauni kukapalasa kabaza. Mwambo wake ndi wakuti adzukulu, anthu okumba manda, asakhale abale a womwalirayo, ndiye manja ankachepa. Ndinawafunsapo amfumu patapita zaka, iwo anangoti, "Nanga zonse ziwiri sizingatheke?"

Elube anabwera kunyumba kwathu akuthamanga kudzabwereka chitenje chabwinoko. Amuna onse a m'chigafa, a Jakisoni ali patsogolo, anapita kumanda ndi makasu ndi mapiki awo. Amayi a m'chigafa anatunga madzi ndi kusenza nkhuni mpaka maliro anatha. Ndinakhala pafupi ndi amayi a m'mudzimo ndipo ndinamva wina akunong'oneza mnzake kuti, "Kodi anthu awa amadziwa nyimbo zathu?" Mnzakeyo anati, "Nanga si timapemphera nawo tchalitchi chimodzi, amangokhala kumbuyo." Koma amfumu sananene chilichonse chokhudza malo, ndipo mmodzi wa ana a azichemwali awo anandidutsa osandipatsa moni.

Tsiku la msonkhano wa bajeti

Bwana wanga pa nthawiyo anali a Chipala, bambo wachinyamata wa ku ofesi yaikulu. Sanali munthu woipa. Anali wotopa, ndipo ankadziwa kuti ntchito ya msika ikachedwa, chuma chake chikhoza kubwezedwa n'kupita kwina. Kutatsala tsiku limodzi kuti akuluakulu a khonsolo abwere kudzafotokozera anthu bajeti, anandiitanira m'galimoto lawo.

"Mayi, mawa akakufunsani za malo aja, mungonena kuti ndi a khonsolo ndipo palibe mudzi. Si bodza limenelo."

"Si bodza, bwana, koma pali anthu."

"Anthuwo tawaganizira, lole ilipo. Inu mwagwira ntchito zaka zambiri, ndipo mpando wa woyang'anira alangizi uli wopanda munthu. Musadziponyere mchenga m'maso nokha."

Ndinaganiza zambiri tsiku limenelo. Ndinaganiza za inu awiri ndi sukulu yanu, za nyumba ya malata, za bambo anu amene akanavutika kutipeza tikanasamutsidwira kutali. Ndinaganizanso za amayi a masamba amene ndinawalonjeza mashedi. Choopsa kwambiri chinali chakuti ndikanalankhula, amfumu n'kukhala chete, ndikanadziwotcha pachabe ndipo Elube akanakwerabe lole. Wantchito wa boma satsutsa bwana wake pagulu. Umenewo ndi mwambo wathu ifenso, ndipo ndi wolimba ngati wa kumudzi.

Msonkhano unachitikira pabwalo la sukulu, pansi pa mitengo. Akuluakulu anakhala patebulo, mafumu pamipando, anthu pansi. A m'chigafa anakhala kumbuyo kwenikweni, padzuwa, chifukwa ndinawapempha kuti abwere ngakhale analibe pakamwa pamenepo. Atafika pa nkhani ya msika, wapampando, mkulu wina wamagalasi amene ankaoneka kuti akufuna kumaliza msanga, anati, "Alangizi a dera lino, pamalo tikumangapo palibe vuto?"

Ndinaimirira. "Wapampando, mudzi palibe. Koma pali mabanja amene akugona m'chigafa chimene chigwetsedwe, ndipo alibe kolowera mvula ikabwera. Ndi awo akhala kumbuyoko."

Anthu onse anatembenuka. A Chipala anayamba kuyang'ana foni yawo.

"Ndi anthu a mfumu iti?" anafunsa wapampando. "Ife timamva nkhani zobwera kudzera kwa mafumu."

Ine sindinayang'ane amfumu, chifukwa ndinkaopa kuti maso anga angaoneke ngati akuwakakamiza. Ndinangomva mpando ukulira. Amfumu anaimirira pang'onopang'ono, n'kumanga bwino chitenje chawo, ngati munthu amene akufuna kupeza nthawi yoganiza.

"Ndi anga," anatero. "Malume anga agona m'manda amene anakumba anthu amenewa, nthaka ili ngati mwala. Ndingawakane bwanji lero? Msika mangani, ifenso tikuufuna. Koma chigafacho musachigwetse ndi thirakitala. Tipatseni masabata pang'ono, achiphwasule okha, mitengo ndi udzu atenge. Pomanga ndiwapezera, ngakhale kwathu madzulo ano kukhala nkhondo."

Anthu anaseka, ena anawomba m'manja, ndipo wapampando, poona kuti nkhaniyo tsopano ili ndi mwini, anavomera. Ine ndinakhala pansi thukuta lili kamukamu, ndikudabwa kuti mawu awiri okha, "ndi anga", atsegula chitseko chimene ine ndi maphunziro anga onse ndinalephera kuchikankha.

Sindikufuna muganize kuti zonse zinatha bwino. Nkhondo imene amfumu ananena inachitikadi, ndipo malo amene anapambana m'mphepete mwa dambo sanakwanire mabanja onse. Anayamba ndi amene anakhalitsa, ndipo Elube anali m'gulu limenelo. Otsalawo anakwera lole, chifukwa lole ija sinachoke mu bajeti. Ndinapita kukatsanzikana nawo. Mayi wina amene ankagona chipinda choyandikana ndi cha Elube anandigwira dzanja ali kale pamwamba pa katundu n'kunena kuti, "Nafenso tinakumba nawo, alangizi." Mawu amenewo amandipwetekabe, ndipo sindinamvenso za iye.

Mvula yoyamba ya chaka chomwecho

Pasanathe mwezi ndinauzidwa kuti ndasamutsidwa kubwerera ku Nathenje, pa udindo womwe ndinayambira. Palibe anatchula za msonkhano uja. Anangoti ntchito ikufuna munthu wodziwa dera. Mpando wa woyang'anira unapita kwa wina, ndipo ine ndinapuma pantchito ndili mlangizi wamba. Ndinakwiya, sindibisa, ndipo bambo anu anakwiya kuposa ine.

Wolowa m'malo mwanga anafika msanga ndi banja lake, ndipo ndinayenera kutuluka m'nyumba ya malata tsiku lomwelo. Nditaimba foni ku Nathenje anandiuza kuti nyumba ya kumeneko mudakali munthu, ndidikire sabata imodzi kapena ziwiri. Linali Lachitatu, bambo anu ali ku Malingunde, ndipo m'kanyumba kawo kumeneko ankagona ndi aphunzitsi anzawo. Ndinakweza katundu pangolo ndisakudziwa bwinobwino kumene ndikupita. Ndinkaganiza zokapempha kalasi kwa ahedi, kapena khonde la tchalitchi. Iwe Tadala unakhala pamwamba pa matiresi utanyamula wailesi, ndipo iwe Yamikani unali kumsana kwanga. Kumwamba kunada bii cha ku Dzalanyama, mphepo n'kuyamba kununkha dothi.

Njira ya kusukulu inkadutsa m'mphepete mwa dambo. Pamenepo panali nyumba zatsopano zingapo, makoma akadali aawisi, mitengo yake yakuda ndi utsi wakale wa m'chigafa. A Jakisoni anali padenga akumanga udzu womaliza. Elube anatuluka, anayang'ana ngolo, anayang'ana ine, kenako anayang'ana kumwamba.

"Alangizi, ulendo wa kuti ndi mitambo imeneyi?"

Ndinayesa kufotokoza za nyumba ya ku Nathenje, za sabata imodzi kapena ziwiri, za ahedi. Ine amene ndinatha moyo wanga ndikufunsa anthu mafunso, funso laling'ono limeneli linandigonjetsa.

Elube sanadikire kuti ndimalize. Anauza mwini ngolo kuti akhotere pakhomo, n'kuyamba kumasula zingwe yekha. "Bambo ake, tsikani mudzanyamule bedi! Inu amayi musaime ngati mlendo, lowetsani mwanayo." Madontho oyamba anatipeza tikulowetsa mpando womaliza. Nyumbayo inali ya zipinda ziwiri, ndipo anatipatsa chachikulu, iwo onse n'kudzazana m'chinacho.

Mvula inagwa yamphamvu mpaka madzulo. Tinakhala pansi tonse tikumvetsera, ndipo ndinaona a Jakisoni, munthu wosalankhulalankhula, akuyenda ngodya ndi ngodya atatambasula dzanja m'mwamba, kufufuza ngati pali podontha. Atamaliza anabwera kudzakhala pafupi ndi akazi awo, n'kundionetsa chikhatho chawo. Chinali chouma.